Kusintha Nkhope pa Chithunzi: Mafunso ndi Mayankho

Mukalowa m'nyumba zambiri kuno ku Chiradzulu, kaya ndi ku Namadzi, ku Mbulumbuzi, ku Nguludi kapena ku Namitambo, maso amayamba kugwera pakhoma. Pali chithunzi cha ukwati, cha mwana atavala gauni, ndi cha agogo amene anatisiya. Kale chithunzi chinkatuluka monga momwe kamera yaonera, koma lero foni ya m'manja ikutha kuyeretsa khungu, kuchepetsa mphuno, ngakhale kukhazika chimutu pa kathupi kakang'ono. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri pa nkhaniyi.

Kodi kusintha chithunzi n'kutani kwenikweni?

Ndi kugwiritsa ntchito kompyuta kapena foni kuti chithunzi chioneke mosiyana ndi momwe kamera inachijambulira. Achinyamata amati kuedita. Ntchitoyi imayambira pa zazing'ono, monga kuwalitsa chithunzi chimene chinada, n'kukafika pa zazikulu, monga kuchotsa munthu pagulu kapena kumuumbira nkhope ina.

Nanga kukonza chithunzi ndi kuchisintha kwambiri n'zosiyana?

Inde, n'zosiyana. Kukonza ndi kuchotsa zimene zinangobwera tsikulo, monga chiphuphu, thukuta la pachipumi kapena fumbi la pajekete, ndipo munthu amakhala yemwe uja. Kusintha kwambiri kumakhudza chibadwa cha munthu: kukula kwa mphuno, mtundu wa khungu, msinkhu ndi thupi. Ngati mayi ake omubereka akuyamba adodoma asanamuzindikire, ndiye kuti chithunzicho chasinthidwa kwambiri.

Chithunzi cha mutu waukulu ndi kathupi kakang'ono chija amachitcha chiyani?

Ambiri timangoti katuni, koma dzina lake pakati pa akatswiri ndi caricature. Ndi chithunzi cha munthu weniweni chimene wojambula wakokomeza dala mbali zimene munthuyo amadziwika nazo, monga dazi, ndevu, magalasi kapena kamwetulidwe. Cholinga chake n'chakuti woona aseke, koma amuzindikire mwiniwakeyo nthawi yomweyo.

Mawu amenewa anachokera kuti?

Anachokera ku Italy, ku mawu oti caricare, amene amatanthauza kusenzetsa katundu. Wojambula amakhala ngati wasenzetsa nkhope katundu woposa umene inabadwa nawo. Lusoli linatchuka kumeneko cha m'ma 1600, ndipo nyuzipepala zitachuluka linafalikira m'maiko ambiri.

Kodi kwathu kuno luso lokokomeza nkhope ndi lachilendo?

Ayi, makolo athu ankalidziwa kamera isanafike. Mu Gule Wamkulu muli Simoni, wa nkhope yofiira, amene amakumbutsa mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo anthu amaseka uku akutolapo phunziro. M'nyuzipepala zathu namonso makatuni akhalamo nthawi yaitali, ndipo owerenga akale amakumbukira Pewani wa Brian Hara. Chatsopano ndi chida chokha, poti lero ntchito imayambira pa chithunzi chenicheni cha munthu.

Kodi kusintha zithunzi kunayamba ndi makompyuta?

Ayi, kunayamba kale kwambiri, pamene ojambula ankagwiritsa ntchito utoto, timipeni ndi lumo. Ku Soviet Union, mkulu wa apolisi achinsinsi Nikolai Yezhov atagwa pa udindo, anamufufuta pa chithunzi chimene anali limodzi ndi Joseph Stalin. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Egypt kuti akwane pachikuto. Pulogalamu ya Photoshop, imene abale awiri Thomas ndi John Knoll anapanga ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1990, inangofewetsa ntchito imene inalipo kale.

Zimatheka bwanji kuti kompyuta ikulitse mphuno ya munthu?

Chithunzi cha mufoni ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo, ndipo kadontho kalikonse kali ndi mtundu wake. Pulogalamu imatha kukankha timadonthoti, kutitambasula kapena kutipanikiza, monga momwe woumba mbiya amachitira ndi dongo lofewa. Mu Photoshop chida chochitira zimenezi chimatchedwa Liquify.

Ndi mapulogalamu ati amene anthu amagwiritsa ntchito?

Pa kompyuta, ambiri amadalira Photoshop, imene ndi yolipira, kapena GIMP, imene ndi yaulere. Pa foni pali Snapseed, PicsArt, Facetune, FaceApp ndi Remini. Ena mwa mapulogalamu a pafoni amatumiza chithunzi chanu ku makompyuta a kampani yawo kuti chikakonzedwe kumeneko. N'chifukwa chake amafuna bandulo, ndipo n'chifukwa chakenso muyenera kuganiza kawiri musanaikemo chithunzi cha munthu wina.

Nanga AI imene ikutchuka masiku ano ikusiyana bwanji ndi zimenezi?

Wosintha ndi manja amagwira timadontho timene kamera inajambula, pamene AI imapanga timadontho tatsopano potengera zithunzi zambirimbiri zimene inaphunzirapo. Ikapatsidwa nkhope yosaoneka bwino, imangoyerekeza maso ndi mano amene ikuganiza kuti akuyenera pamenepo. Mu Malichi 2023 anthu ambiri anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, chonsecho chinali chopangidwa ndi AI ndipo kamera sinachijambulepo.

Kodi pali chitsanzo cha kuno ku Chiradzulu cha chithunzi chimene mmisiri anachikokomeza?

Chilipo, ndipo chinadziwika padziko lonse. Mu 1914 m'busa John Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chilembwe atavala chipewa pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kutero pamaso pa mzungu. Mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, anatenga chithunzicho n'kuumba chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Sepitembala 2022. Pa chibolibolicho Chorley ali ndi msinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe ndi chimphona.

Ndiye Kambalu sananame pokulitsa Chilembwe chotero?

Sananame, chifukwa sanabise zimene anachita. Aliyense woona chibolibolicho amadziwa kuti palibe munthu wamtali choncho, ndipo amamva uthenga wake: munthu amene atsamunda ankamuchepetsa wapatsidwa ulemu wake. Bodza likanakhalapo akanatenga chithunzi cha 1914, n'kuchisintha mwakachetechete, n'kumauza anthu kuti ndi mmene kamera inaonera.

Nkhani ya Chilembweyi ikutiphunzitsa chiyani ife eni mafoni?

Ikutiphunzitsa kusunga chithunzi choyambirira. Tchalitchi cha ku Mbombwe chija asilikali a atsamunda anachigumula mu 1915, koma maonekedwe ake tikuwadziwa chifukwa cha zithunzi. Nkhope ya Chilembwe, imene lero ili pa ndalama ya K2,000, tikuidziwanso chifukwa ojambula a nthawi yake, monga Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre, anatisiyira zithunzi zokhulupirika. Zidzukulu zathu zidzafunanso kuona nkhope zathu zenizeni.

Kodi ndani angaphunzire ntchito imeneyi? Pamafunika satifiketi?

Aliyense angaphunzire, mnyamata kapena mtsikana, ndipo sipafunika satifiketi kuti muyambe. Chofunika ndi foni kapena kompyuta, kuleza mtima, ndi diso lotha kuona chimene chimasiyanitsa nkhope ina ndi inzake. Amene amakonda kujambula ndi pensulo amagwira msanga, chifukwa amadziwa kale pamene mthunzi umagwera pankhope.

Ndi chithunzi chotani chimene chimayenera kupangira katuni?

Sankhani chithunzi chowala bwino, chimene nkhope yadzaza ndipo maso onse awiri akuoneka. Jambulani pakhonde kapena pamthunzi wa mtengo, m'mawa kapena chakumadzulo, poti dzuwa la paliwombo limadetsa m'maso ndi kunsi kwa mphuno. Munthuyo aseke monga amasekera masiku onse. Chithunzi chojambulidwa patali n'kuchikoka chimasweka mukayamba kuchitambasula.

Ntchito yake imayenda motani kuchokera poyamba mpaka pomaliza?

Choyamba, sungani chithunzi choyambirira pachokha ndipo mugwire ntchito pa kope lake. Kenaka dulani mutu mosamala m'mbali mwa tsitsi ndi makutu, muukulitse, n'kuukhazika pa thupi limene mwalichepetsa, khosi likulumikizana bwino. Mukatero kokomezani mbali ziwiri kapena zitatu za nkhope, salazani khungu pang'ono, ndipo muwonjezere kuwala ndi mthunzi kuti nkhope iumbike. Pomaliza ikani za kumbuyo zogwirizana ndi mwiniwake, monga bolodi ndi choko kwa mphunzitsi, kapena njinga yamoto kwa wakabaza.

Ndingadziwe bwanji mbali yoyenera kukokomeza?

Yang'anani nkhopeyo kwa kanthawi, tsinzinani, ndipo muone chimene chatsala m'maganizo. Chingakhale mpata wa pakati pa mano, nsidze zochindikala, masaya odzaza kapena chibwano chosongoka. Mukakulitsa mbali imodzi, chepetsani ina yoyandikana nayo, chifukwa mukakulitsa zonse nkhope imangofufuma. Maso musawasokoneze kwambiri, poti munthu timamudziwira pamenepo.

Kodi pali zinthu zimene siziyenera kukokomezedwa?

Zilipo ndithu. Ulumali, chialubino, zipsera za moto kapena za ngozi, ndi zizindikiro za matenda si zoseweretsa, ndipo kuzikulitsa ndi chipongwe ngakhale wojambula atati amangocheza. Muyeso wake ndi wosavuta: katuni yabwino mwiniwake amaiseka n'kuipachika pakhoma, pamene yoipa amaibisa.

N'chifukwa chiyani zithunzi zina zimatuluka khungu lili see ngati pulasitiki?

N'chifukwa chakuti wokonzayo wafufuta timabowo ta khungu, timizere ta pansi pa maso ndi mithunzi imene imaumba nkhope. Khungu la munthu wamoyo silikhala la mtundu umodzi paliponse: pachipumi pamawala, m'masaya mumaderako. Katswiri amachotsa chiphuphu chimodzichimodzi n'kusiya khungu lili ndi moyo. Makwinya a agogo ndi mbiri yawo, choncho afewetseni pang'ono ngati apempha, koma musawathetse.

Nanga kuyeretsa khungu pa chithunzi kuli ndi vuto lanji?

Kuwalitsa chithunzi chimene chinada n'kosiyana ndi kusintha mtundu wa munthu. Mafyuluta ambiri okometsera zithunzi pafoni amayeretsa khungu okha popanda kufunsa, ndipo mwana amene amadziona woyera tsiku lililonse pafoni amayamba kuipidwa ndi nkhope ya pagalasi. Mtundu wa khungu umasinthanso momwe anthu amamuonera munthu: mu 1994 magazini ya Time inadzudzulidwa kwambiri itadetsa nkhope ya O. J. Simpson pachikuto. Wokonza wabwino amasiya wakuda ali wakuda, woderako ali woderako, aliyense wowala mu mtundu wake.

Ndikapita ku situdiyo, tigwirizane chiyani ntchito isanayambe?

Nenani momveka zimene mukufuna kuti zisinthe ndi zimene zisakhudzidwe, monga mphini, imvi kapena kadontho kobadwa nako. Gwirizanani mtengo, tsiku lotenga, ndi kangati angakukonzereninso mukapanda kukhutira. Pemphani kuona ntchitoyo pa kompyuta asanaitsuke, ndipo mutenge zithunzi zonse ziwiri, choyambirira ndi chokonzedwa. Muuzeninso wojambulayo ngati simukufuna kuti nkhope yanu aipachike pakhomo pa situdiyo kapena pa Facebook ngati chitsanzo cha ntchito yake.

Chithunzi chimaoneka bwino pafoni, koma chikatsukidwa chimasweka. Vuto n'chiyani?

Vuto ndi kuchepa kwa timadontho tija. WhatsApp imapanikiza chithunzi kuti chisadye bandulo, choncho potumiza kwa wotsuka chitumizeni ngati dokumenti, kapena mupite nacho pa memore khadi. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimatuluka bwino chikakhala ndi mapikiselo pafupifupi 1,200 kwa 1,800. Cha mufulemu yaikulu kapena cha pabana chimafuna ochuluka kuposa apo.

Zithunzi zathu zinanyowa ndi madzi. Kodi zingakonzeke?

Zambiri zimakonzeka, ndipo apa m'pamene lusoli limapukuta misozi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, mabanja a m'boma lino, monga a m'mudzi wa Ntauchira kumene matope anatsika m'phiri, anataya abale, nyumba ndi katundu, ndipo pa tsoka lotere chithunzi chimodzi chopulumuka chimasanduka chuma. Chithunzi chonyowa chiyanikeni pamthunzi nkhope ili m'mwamba, musachipukute ndi nsalu, ndipo zomatana musazikanganule mwamphamvu. Chikauma chijambuleni ndi foni pamalo owala, kenaka wokonza adzatseka ming'alu ndi madontho pa kompyuta.

Kodi n'koyenera kusintha chithunzi cha malemu?

Kuchotsa za kumbuyo, kuwalitsa nkhope kapena kudula malemu pagulu kuti chithunzi chikhale pa pulogalamu ya maliro n'zovomerezeka kwa ambiri. Koma yambani mwafunsa eni mbumba ndi ana a malemuwo, makamaka mukafuna kuwaveka suti kapena chovala cha mpingo chimene sanavale tsikulo. Samalani ndi mapulogalamu a AI owalitsa nkhope, chifukwa angakupatseni munthu wooneka bwino koma wachilendo. Onetsani achibale amene ankawadziwa bwino musanatsukitse.

Ndingagwiritse ntchito chithunzi chokonzedwa pa chiphaso?

Ayi. Chithunzi cha pa chiphaso cha unzika, pasipoti, laisensi kapena chiphaso cholembera mayeso ntchito yake ndi kutsimikiza kuti inu ndinu, choncho chiyenera kufanana nanu. Pa chiphaso cha unzika, chimene Mmalawi amatenga akakwanitsa zaka 16, a National Registration Bureau amakujambulani okha. Kumene akupemphani kubweretsa chithunzi chanu, pitani nacho chopanda fyuluta, chifukwa nkhope yosinthidwa ingakukanitseni thandizo ngakhale chiphasocho chili chanu.

Nanga atolankhani amaloledwa kusintha zithunzi za m'nkhani?

Amaloledwa kudula m'mbali ndi kukonza kuwala pang'ono, koma osati kuwonjezera kapena kuchotsa chinthu. Chithunzi cha m'nkhani ndi umboni, ndipo umboni sausema. Mu Malichi 2024 mabungwe a nkhani monga Reuters, AFP ndi Associated Press anabweza chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William wa ku Britain, ndi ana ake ataona kuti chinasinthidwa. Katuni ya m'nyuzipepala ili ndi malo akeake, ndipo owerenga amaidziwa kuti ndi maganizo a wojambula.

Pa malonda napo, kukometsa chithunzi n'kulakwa?

Kujambula katundu pamalo owala ndi aukhondo ndi nzeru, koma kusintha maonekedwe ake ndi chinyengo. Wogulitsa mbuzi, tomato kapena kaunjika pa WhatsApp akakometsa chithunzi mopitirira, wogula adzati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo sadzabweranso. Ku France, kuyambira mu Okutobala 2017, lamulo limafuna kuti chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lachepetsedwa kapena kunenepetsedwa chilembedwe kuti n'chokonzedwa.

Kodi ndiyenera kupempha chilolezo ndisanasinthe nkhope ya munthu wina?

Inde, pemphani musanasinthe, ndipo mumuonetse musanatumize kwa ena. Malamulo aakulu a dziko lino amateteza ulemu wa munthu mu gawo 19 ndi chinsinsi chake mu gawo 21. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limatetezanso zinthu zimene munthu amadziwika nazo. Kuti mnzanu anaika chithunzi chake pa Facebook sizitanthauza kuti wakupatsani ufulu wochiseweretsa.

Nanga zithunzi za ana?

Mwana sangapereke chilolezo payekha, choncho funsani kholo kapena womulera. Pewani kupanga katuni yoseketsa ya mwana wasukulu, chifukwa anzake angaisandutse dzina lomunyoza nalo mpaka atakula. Kusintha chithunzi cha mwana kuti chioneke cholaula ndi mlandu waukulu. Mukaona zotere kaneneni kupolisi kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Chithunzi ndi cha ndani: wojambula kapena wojambulidwa?

Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi monga ntchito zaluso, ndipo bungwe loona za umwini wa ntchito zotere ndi COSOMA. Choncho kutenga chithunzi cha wojambula wina, kufufuta dzina lake n'kumachigulitsa ngati chanu n'kulakwa, ngakhale mutachisintha. Pa zithunzi za chinkhoswe kapena ukwati, gwirizanani ndi wojambula poyambirira pomwe ngati mungazipereke kwa wina kuti azisinthe.

Kodi kupanga katuni ya mtsogoleri n'kololedwa?

Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wofotokoza maganizo, ndipo katuni yodzudzula ntchito za mtsogoleri ndi mwambo wakale wa nyuzipepala. Ufuluwu ena anauvutikira: mu 1832 Honoré Daumier wa ku France anagamulidwa kukhala kundende miyezi 6 atajambula Mfumu Louis-Philippe ngati chimphona chomeza ndalama za anthu. Koma katuni yoonekeratu kuti ndi katuni n'njosiyana ndi chithunzi chabodza choonetsa munthu pamalo amene sanafikepo. Chachiwirichi n'kuipitsa mbiri, kaya mwiniwake ndi nduna, mfumu kapena munthu wamba.

Wina wasintha chithunzi changa mondinyoza n'kuchimwaza. Ndichite chiyani?

Choyamba sungani umboni: jambulani sikirini yoonetsa chithunzicho, dzina kapena nambala ya wotumiza, gulu limene chaikidwa ndi tsiku lake. Kenaka chinenezeni pa Facebook, TikTok kapena kwa adimini wa gulu la WhatsApp kuti chichotsedwe, ndipo musabwezere ndi chithunzi china chonyoza. Pitani kupolisi ya kufupi nanu, ku ofesi ya Victim Support Unit, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kunyoza munthu kudzera pa intaneti. Uzani wachibale kapena mnzanu wodalirika, poti manyazi ndi a wochita chipongweyo, osati anu.

Ndingazindikire bwanji kuti chithunzi chasinthidwa?

Chikokeni ndi zala kuti chikule, ndipo muyang'ane za kumbuyo: mzere wa njerwa, chitseko kapena mzati wa khonde zikapindika pafupi ndi chiuno kapena tsaya, pamenepo pakankhidwa. Onani ngati mithunzi yonse ikugwera mbali imodzi, ndiponso ngati khungu la nkhope likufanana ndi la khosi ndi manja. Pa zithunzi za AI yang'anani zala, mano, ndolo ndi zilembo za pamalaya. Mungathenso kuchiika mu Google Lens kuti muone kumene chinayamba kuonekera.

Pamapeto pa zonse, kusintha zithunzi n'kwabwino kapena n'koipa?

Ndi luso labwino likamayenda ndi zinthu zitatu: chilolezo cha mwini nkhope, kunena poyera kuti chithunzi chasinthidwa, ndi kusunga choyambirira. Likatero limapatsa achinyamata ntchito, limasangalatsa pa ukwati ndi pa tsiku lobadwa, ndipo limabwezera mabanja nkhope za okondedwa awo. Inu amene mwagwira foni lero, kumbukirani kuti nkhope imene mukuikanda ndi chala ili ndi mwiniwake, ali ndi ana ndi abale. Kongoletsani, seketsani, koma chithunzi chenicheni chisungeni bwino kuti adzukulu adzakudziweni monga momwe munalili.